Dothi Lozirira la Deolinda

Ng'ombe ya a Alcides inagwa masana dzuwa likuswa mtengo, magazi akuda akutuluka m'mphuno osaundana. A Alcides, munthu wosadziwa kutaya kanthu, anaisenda kuti apulumutseko chikopa. Patapita masiku anayi, pamkono pawo panatuluka chilonda chakuda ngati khala, ndipo achibale anawatengera kuchipatala ku Milange pa njinga.

Mkazi wawo Deolinda anatsala ndi nkhawa imodzi yokha: Belinha, mwana wongoyamba kukwawa, amene anamupeza ataika kale ana awiri m'manda. Mpeni wosendera ng'ombeyo anautaya m'chimbudzi. Mphasa ndi malaya a bambo anazitentha. Mwanayo anamutsekera m'nyumba, kuti ngakhale mphepo ya kukhola isamukhudze.

Lachitatu kunabwera a Orlando, mlangizi wa ziweto.

"Ndi matenda a antraksi, mayi," anatero. "Tizilombo take timagona m'nthaka zaka makumimakumi, osafa. Ng'ombeyi imadya kuti?"

"Kudambo, padzenje lobiriwira lija. Ndi chilalachi, kwina konse kwauma."

"Dzenje la chiyani?"

Apo Deolinda anakumbukira zimene apongozi ake ankanena. Nkhondo isanawathamangitsire ku Malawi, ng'ombe zawo zisanu ndi ziwiri zinafa sabata imodzi, ndipo anazikwirira pomwepo. Pobwerako kukampu ya othawa nkhondo anthu anali ndi njala, za mafupa a ng'ombe ndani akanazilabadira? Anawafotokozera a Orlando zonsezo.

"Basi, pamenepo pasapondenso munthu kapena chiweto. Osalimapo, osakumbapo."

"Osakumbapo?" anafunsa Deolinda.

Mudzi wonse unkadziwa kuti dothi lozirira labwino, lakuda bii, losang'aluka, limachokera padzenjepo. Ndipo pa kuzira, Deolinda analibe mnzake. Amayi anzake ankamuseka kuti pansi pa m'nyumba mwake mlendo angadyerepo opanda mbale. Loweruka lapitalo, bambo atangopita kuchipatala, iye anasenza ndowa zitatu za dothilo n'kuzira nyumba yonse, ngodya ndi ngodya, ati akuchotsa matenda.

Anathamanga chitenje chikumasuka, nakankha chitseko. Belinha anali khale pakati pa nyumba, akukanda pansi ndi tizala take, kukamwa kuli bii. Ataona mayi ake anasekerera.

Deolinda anamutsomphola, namukolopola m'kamwa ndi chala, akulira mokweza.

"A Orlando, ndithandizeni! Ndamupha ndekha mwana wanga!"

Anatuluka naye panja atamukumbatira pachifuwa. Anazungulira bwalo lonse, kunkhokwe, kuseri, kumpanda, osapeza poti n'kumutsitsa.