A Ephraim sanajombepo ku Sukulu ya Sabata

Amuna anga, a Ephraim, anabadwira ku Milange ku Mozambique, koma kuno ku Thyolo akhalako zaka khumi ndi ziwiri. Ankayendetsa lole ya esiteti yonyamula tiyi kupita ku Beira. Chaka chatha anafunsira unzika wa Malawi, ine n'kuwaperekeza ku ofesi. Mayi wa mu ofesimo atatsegula pasipoti yawo anapeza zidindo zokhazokha.

"Bambo, kuno mumakhalako kapena mumangodutsa? Masiku okhala kunja achuluka. Mubweretse umboni."

Ine ndinkaona ngati ana asanu ndi umboni wokwanira, koma akuti ayi. Ndiye ndinakabwereka kaundula wa Sukulu ya Sabata kutchalitchi kwathu. Mmenemo a Ephraim sanajombepo.

Titabwererako, mayi uja anaika kaundula pambali pa pasipoti n'kumayendetsa chala.

"Sabata ili pasipoti ikuti munali ku Beira, bukuli likuti munali ku Thyolo. Ilinso chimodzimodzi. Kodi mulipo angati, bambo?"

A Ephraim anandiyang'ana, ine n'kuulula. Akamaitana mayina kutchalitchiko ndinkayankha ndine kuti, "Alipo, atuluka pang'ono." Ndinali nditatopa ndi a Queen a m'kwaya, amene amanong'oneza anthu kuti amuna anga ali ndi banja lina ku Beira.

Mayiyo anati tidzabwerenso bambowo akadzakhazikika. A Ephraim anakapempha kuntchito kuti awachotse pa lole, ndipo anawaika pa thirakitala.

Tsopano kutchalitchi amapitadi Sabata lililonse. Koma akangokhala pabenchi amagona, ndiye woyankha kuti "alipo" ndikadali ine ndemwe.