Khoswe Kuseri kwa Chithunzi

M'chaka cha 1973 ine Ezekiele ndinkaphunzitsa Sitandade 6 pa kasukulu kena kufupi ndi Neno Boma. Ndinali nditangochoka ku koleji, ndipo ndinkadziona ngati m'mapiri onsewo wodziwa sayansi ndinali ine ndekha. Nesi wina wachizungu pobwerera kwawo anandisiyira makoswe awiri oyera a maso ofiira, wamwamuna ndi wamkazi, m'kabokosi ka waya. Ndinawamangirira pakaliyala ya njinga n'kudutsa nawo pamsika mwadala kuti anthu aone.

Mkazi wanga Stelia anawayang'ana kanthawi ndithu.

"Bambo a Edina, anzanu akutchera misampha, inu mukuwamangira nyumba?"

"Awa si makoswe a m'nkhokwe. Awa ndi amaphunziro."

"Ndiye azidya mabuku anuwo."

Komabe amene ankawadyetsa anali iyeyo. Ine ntchito yanga inali kukhala pampando ndi kope n'kumalemba zimene ndikuona. Wamwamunayo anali wamkulu, waubweya wokhakhala, wa kafungo kake, ndipo ankakhala duu pakona tsiku lonse. Ndinalemba kuti ndi wofatsa ndiponso woganiza mozama. Wamkaziyo anali wamng'ono, wosalala, wosakhazikika: kukwera waya, kununkhiza apa, kukoka kansanza apo. Ndinalemba kuti ndi wopepuka mutu. Stelia atawerenga anati, "Wanuyo sakuganiza ayi, akugona." Ndinamuuza kuti sayansi siphunziridwa kukhitchini.

Kalata itabwera yoti kubwera woyendera masukulu, ndinati mwayi wanga ndi uwu. Ndinatuta njerwa n'kuyala pansi m'kalasi tinjira tokhotakhota, kumapeto kwake ndinaikako mtedza wokazinga. Kuyesa kaye sindinayese. Ndinaona kuti n'kutaya nthawi poti yankho ndinkalidziwa kale.

Woyenderayo, a William Mwinjiro, anali munthu wonenepa wosaseka wamba. Anakhala kumbuyo pamodzi ndi a hedimasitala, chipewa chawo anachiika chagada pambali pa mpando.

"Ana inu," ndinayamba, "lero tiona ndi maso athu kuti m'chilengedwe chamoyo chachimuna ndicho chimatsogola pa nzeru."

Atsikana anayang'ana pansi. Ndinatulutsa wamwamunayo n'kumuika poyambira. Ananunkhiza njerwa yoyamba, n'kuikodzera pang'ono, kenaka anayamba kudzikanda kukhutu.

"Akuwerengera njira," ndinatero.

Anakwera njerwayo mwaulesi, n'kutsikira kunja, n'kuyenda dzandidzandi mpaka kumbuyo kwa kalasi. Analowa m'chipewa cha a Mwinjiro, nadzipinda, natseka maso. Ana anaphimba pakamwa ndi manja.

Thukuta lili kamukamu ndinatulutsa wamkaziyo, ndi chiyembekezo choti alephera koposa. Anadutsa tinjira tonse ngati anayala ndiye. Anatola mtedza, nalumpha njerwa, nakwera kabati ya mabuku, kuchoka apo anayenda pa kathabwa ka pamwamba pa bolodi, n'kulowa kuseri kwa chithunzi cha Mtsogoleri wa dziko. Kunja kunangotsala mchira, uli lende pansi pa fulemu.

Kuseka konse kunatha. Masiku amenewo chithunzi chimenecho sichinkalozedwa n'chala, ndipo munthu ankatha kukayankha mafunso kutali chifukwa choti chapendekeka. Ine ndinali nditagwira kale rula yaitali ya pabolodi.

"Aphunzitsi," anatero a hedimasitala, "rulayo mukufuna kumenya nayo chiyani?"

Ndinaiyang'ana rulayo, ndinayang'ana kumene yaloza, ndipo ndinaiika pansi pang'onopang'ono ngati dzira. Chithunzi chinayamba kugwedezeka. Kuseri kwake kunkamveka kukukuta, ndipo sindinadziwe ngati akudya mtedza kapena katoni ya fulemu. Ndinaganiza za mwana wanga Edina, amene anali asanayambe n'kuyenda komwe. Ndinayesa kuitana, "Tsika, iwe," koma ndinazindikira kuti ndikulankhula moyang'ana nkhope ya pachithunzi. Ndinasiya msanga.

"Khosweyu palibe munthu amene amamumvera?" anafunsa a Mwinjiro chapansipansi.

"Alipo, bwana. Akazi anga."

Nyumba yathu inali kuseri kwa kalasi komweko. A hedimasitala anathamanga okha kukamuitana. Stelia analowa mwana ali kumbuyo, manja ali gaga yekhayekha. Anagwada n'kupereka moni kwa alendo, kenaka anaima pansi pa bolodi, nagogoda supuni pa kambale ka malata kawiri. Mchira unasowa, kamutu kanatuluka. Khosweyo anatsika ndi kabati n'kukwera pamkono pake. A hedimasitala anawongola chithunzi ndi manja awiri, n'kuchipukuta ndi mpango wawo.

"Amayi," anatero a Mwinjiro, "mwa awiriwa wanzeru ndi uti?"

"Ine sindinapite ku koleji, bwana. Ndimangodziwa kuti wamkaziyu akamva mbale amabwera, akapeza chakudya amabisa china. Wamwamunayo mpaka umuikire pamphuno. Koma ndi wabwino mtima, saluma, amakonda kunyamulidwa."

A Mwinjiro anaweramira chipewa chawo. Wamwamunayo anali asanadzuke pa zonsezo. Anamusisita ndi chala chimodzi, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinawaona akumwetulira.

Pambuyo pake mu ofesi anandiuza kuti m'lipoti alemba zoti phunziro linali la masamu, chifukwa nawonso sankafuna kufotokozera aliyense kuti anakhala phee khoswe ali pamene anali paja. Anawonjeza kuti tsiku lina ndizifunsa kaye kunyumba ndisanaphunzitse. Kenaka anapempha wamwamunayo. Anapita naye ku Blantyre m'katoni ya choko, ndipo ndinamva kuti anafa ndi ukalamba, atanenepa zedi.

Zitatha izi, wamkaziyo anatha nafe sabata ziwiri zokha. Anaphunzira kukankha kachitseko ka waya n'kuthawa. Pofika nyengo yokolola, anthu oyandikana ndi sukulu anayamba kupha m'nkhokwe zawo makoswe amawangamawanga, oyera ndi otuwa, ochenjera moti nyambo ankadya msampha osafwamphuka. Aliyense akapha mmodzi ankabwera naye pakhomo panga atamugwira kumchira.

"Odi aphunzitsi! Takubweretserani mdzukulu wanu."

Ndinkayamika mwaulemu, n'kutenga khasu kukamukwirira kuseri kwa nthochi.