Fomu la Mayi Halimah

Tayamika analowa ntchito ku Umhlanga, m'mbali mwa nyanja kufupi ndi Durban, mu Julayi 2011, miyezi ingapo msonkhano waukulu wa za nyengo usanachitike mu Durban. Anali mtsikana wa ku Balaka amene anabwera kudzaphunzira za mphamvu ya dzuwa ndi mphepo, ndipo digiri atangoitenga, kakampani kena ka alangizi kanamulemba. Mwini wake anali a Lewis, bambo wachizungu woseka ndi aliyense, wokonda kunena kuti iwo sakangana ndi munthu, amangomuonetsa manambala.

Bungwe lina la kunja linali litapereka ndalama zothandizira anthu a m'mijondolo ya kufupi ndi Sydenham, tinyumba ta malata ndi mapulanga tothithikana pachitunda, topanda magetsi. Njira zinalipo zinayi: nyale ya sola m'nyumba iliyonse, magiza a sola otenthetsa madzi pa mabafa a onse, gasi wochokera ku zinyalala, kapena makina a mphepo. Ndalamazo zinali zokwanira njira imodzi yokha. Kampani ya a Lewis ndiyo inapatsidwa ntchito yosankha, ndipo kusankhako kunayenera kuchokera kwa eni malowo.

Kasankhidwe kake Tayamika ankakadziwa ngati dzina lake. Pamakhala mfundo zoyezera, ndipo apa zinali zisanu: mtengo, kuchepetsa utsi wowononga nyengo, ntchito kwa anthu, kusavuta kukonza chinthu chikawonongeka, ndi kupewa moto. Munthu umamufunsa mfundo ziwiriziwiri, kuti pa ziwirizi chachikulu n'chiti, ndipo chikuposa chinzake motani kuyambira wani mpaka nayini. Kompyuta imaphatikiza mayankho onse n'kupereka kulemera kwa mfundo iliyonse, kenako njira zinayi zija zimapikisana pa sikelo imeneyo. Iye ankaikonda njirayi chifukwa inkapatsa mayi wogulitsa tomato mawu ofanana ndi a injiniya.

Anayenda m'mijondolomo masabata atatu, akulumpha mifuleni ya madzi onunkha, mafomu ali m'chikwama. Ankalankhula Chizulu chokhachokha. Chichokereni zipolowe zothamangitsa anthu obwera za mu 2008, Chichewa chake chinkatuluka pa foni yokha, chitseko atatseka.

Tsiku lina anagogoda pa kanyumba kena n'kumva mawu a mayi akukalipira mphaka m'Chichewa cha ku Mangochi. Anali mayi Halimah, ophika masamusa ogulitsa pa renki ya matakisi. Dzanja lawo lamanzere linali ndi chipsera chachikulu kuchokera pachigongono mpaka kuzala, cha moto wa chaka chapitacho umene unanyeketsa nyumba zoposa zana chifukwa cha kandulo imodzi.

"Odi, mayi," anatero Tayamika chapansipansi.

Mayiwo anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kumukokera m'kati.

"Iwe ndiwe wakwathu? Ndiye Chizulu chonse chija ukuvutikiranji? Khala apa. Funsa msanga, mafuta ali pamoto."

"Kupewa moto ndi mtengo wa chinthu, chachikulu n'chiti?"

"Moto. Lemba nambala yaikulu ija."

"Mtengo ndi ntchito?"

"Mtengo. Ntchito za mapulojekiti zimapita kwa a ma ID. Ife timangoona ena atavala maovolosi."

"Nanga moto ndi ntchito?"

Mayi Halimah anatembenuza samusa.

"Ntchito."

"Mayi, pepani. Mwati moto ukuposa mtengo, ndipo mtengo ukuposa ntchito. Ndiye ntchito singaposenso moto."

"Wanena ndani? Ukandiyikira moto apa, ntchito yeniyeni apa, nditenga ntchito, chifukwa mawa lomwe ndisamuka pano, motowo nditausiya. Lemba zimene ndanena, mwanangu. Usandikonzere mawu."

Tayamika analemba momwemo, ndipo m'mphepete mwa fomulo anawonjezera chifukwa chimene mayiwo anapereka.

Mafomu anakwana makumi anayi ndi anayi. Atawalowetsa m'kompyuta, zotsatira zinali zoonekeratu: kupewa moto kunalemera kuposa mfundo ina iliyonse, ndipo nyale za sola zinasiya njira zinazo kutali. Anapereka zonse kwa a Lewis, iwo n'kuti, "Sharp, Taya, ntchito yabwino."

Patapita masabata awiri, anamupatsa lipoti lomaliza kuti aone ngati muli zolakwika za kalembedwe. Anawerenga tsamba loyamba, n'kubwerezanso. Lipotilo linkati anthu a m'mijondolo asankha magiza a sola. Anatsegula masamba a kumapeto kumene kumakhala manambala. Mafomu owerengedwa anali khumi ndi atatu okha. Mfundo zoyezera sizinalinso zisanu, zinali zisanu ndi imodzi, ndipo yatsopanoyo, imene palibe munthu wa pachitunda paja anafunsidwa, inali yoti chinthucho chizioneka bwino kwa anthu odutsa. Mabafa a onse anali m'mphepete mwa msewu waukulu. Pachikuto, pansi pa dzina la a Lewis, panali dzina lake.

Analowa mu ofesi mwawo osagogoda.

"Mafomu makumi atatu ndi limodzi apita kuti?"

A Lewis anavula magalasi. Anayankha m'Chingerezi chofatsa, ngati mphunzitsi.

"Makumi awiri ndi awiri mayankho ake akutsutsana okha. Malire a kutsutsana kololedwa ukuwadziwa, unaphunzira. Enawo, asanu ndi anayi, ndi a anthu obwera. Alibe ID, sali m'kaundula wa opindula."

"Mayankho akatsutsana umabwerera kukamufunsanso munthuyo. Sutaya. Ndipo obwerawo nyumba zawo ndi za malata omwewo, khoma kugundana ndi khoma."

"Nthawi yobwerera tilibe."

"Ndawerengeranso ndi mafomu khumi ndi atatu anuwo. Nyale zikupambanabe. Chimene chatembenuza zinthu ndi mfundo yachisanu ndi chimodzi. Waiyika ndani?"

"Akatswiri. Taya, tamvera. Mu Disembala muno mudzadza alendo a dziko lonse. Abungwe akufuna kudzaimitsa basi pamsewu, anthu atsike, ajambule. Nyale ili m'kati mwa kanyumba ka malata ndani akaione? Akasangalala, chaka chamawa abweretsa ndalama zina, nyale zako zidzagulidwa."

"Ndiye lembani choncho. Lembani kuti mwasankha ndinu chifukwa cha zithunzi. Musanene kuti asankha ndi anthu."

A Lewis anavalanso magalasi.

"Loweruka tikukapereka lipotili kwa anthuwo, ndipo womasulira ndiwe. Pemiti yako yokhalira muno yalembedwa dzina la kampani ino, si choncho? Ndangokukumbutsa."

M'takisi yobwerera ku Overport, kumene ankachita lendi, Tayamika ankangoganizira mawu a bwana wake aja. Sikuti ankaopa kwenikweni. Chimene chinkamuwawa chinali choti anakhala pa zidebe ndi pa mabedi a anthu, akuwauza ndi pakamwa pake kuti ulendo uno mawu awo awerengedwa. Nkhalamba ina inasiya kuchapa n'kukhala naye ola lathunthu ikuganizira mafunso khumi aja. Ndiye wina wakhala pa mpando wofewa, akuyang'ana nyanja pa windo, n'kuwafufuta ndi chala chimodzi, kenako n'kutcha zimenezo sayansi. Akanangobwera ndi magiza awo osafunsa munthu, bwenzi kuli bwino. Koma anafuna kuti bodzalo lituluke ndi siginecha ya anthu osauka, ndiponso m'mawu a iyeyo.

Loweruka m'mawa holo ya tchalitchi cha m'munsi mwa chitunda inadzaza. Kutsogolo kunakhala a Lewis, mayi wina woimira bungwe lija, ndi bambo Shezi, wapampando wa komiti ya m'mijondolomo. A Lewis anaonetsa zithunzi za mizere yamitundumitundu pakhoma, n'kumaliza ndi mawu akuti, "Choncho inu eni ake mwasankha magiza a sola. Tikukuthokozani."

Anatembenukira kwa Tayamika. Iye anaimirira, n'kunena m'Chizulu:

"Akuti inu mwasankha magiza a sola, ndipo akuthokoza." Anapuma. "Amenewo ndi mawu awo. Tsopano anga. Amene ndinakufunsani ndine. Simunasankhe magiza. Munasankha nyale, chifukwa mukuopa moto. Pa mafomu makumi anayi ndi anayi, makumi atatu ndi limodzi atayidwa."

Kenako anabwereza zomwezo m'Chingerezi, akuyang'ana mayi wa ku bungwe uja.

Holo inaphulika. Ena anaimirira, ena ankafunsa anzawo kuti wati chiyani. A Lewis ankayesa kulankhula za malire a manambala, koma palibe ankawamva. Pakati pa phokosolo panamveka mawu okuwa, m'Chichewa chosabisa:

"Iwe mwana! Fomu langa lilipo kapena alitaya?"

Anali mayi Halimah, ataimirira kumbuyo ndi beseni lawo la masamusa. Anthu anatembenuka. Zaka zitatu Tayamika anali asanalankhule chinenerochi pagulu.

"Alitaya, mayi," anayankha m'Chichewa. "Kawiri. Koyamba akuti mayankho anu akutsutsana, kachiwiri akuti ndinu obwera."

"Hawu, kanti naye yikwerekwere," anatero mnyamata wina wa jekete lachikopa m'Chizulu, kumunyoza kuti nayenso ndi wobwera, ena n'kuseka.

Bambo Shezi anamenya tebulo ndi chikhatho.

"Khala pansi iwe! Chaka chatha moto unayambira m'nyumba ya Mzulu mnzathu. Mayi ameneyo anapsa dzanja akutulutsa mdzukulu wanga. Amene akufuna kufunsa ID atuluke akafunsire panja." Anatembenukira kwa a Lewis. "Ndipo inu, mafomu athu tikuwafuna."

A Lewis anati mafomuwo ndi katundu wa kampani. Mayi wa ku bungwe analemba kanthu m'kabuku kake, nkhope itafiira, n'kunena kuti nkhaniyi aiona.

Lolemba khadi la Tayamika linakana kutsegula chitseko cha ofesi. Mlonda anamupatsa katoni ya zinthu zake ndi kalata yoti waphwanya chinsinsi cha kampani. Iye analembera bungwe lija masamba asanu ndi awiri, akufotokoza manambala onse mmene analili poyamba. Yankho linabwera la mizere itatu: akuthokoza, koma mgwirizano ndi ogulitsa magiza unali utasainidwa kale, sabata imodzi msonkhano wa mu holo uja usanachitike.

Magiza asanu ndi limodzi anakwezedwa pa denga la mabafa mu Novembala, akunyezimira moyang'ana msewu. Basi ya alendo inaimadi. Tayamika anapeza ntchito yophunzitsa masamu pa kakoleji kena ka m'tauni, ya malipiro ochepa, koma inamupulumutsira pemiti.

Mu Febuluwale bambo Shezi anamuimbira foni. Bungwe lija, kaya ndi manyazi, linali litatumiza nyale za sola makumi asanu ndi limodzi. Nyumba zinalipo mazana anayi.

"Tikagawa tokha tiphana," anatero. "Bwera ndi njira yako ija, koma uchitire pamaso pathu."

Anachitira mu holo momwemo, pa bolodi, ndi choko. Anthu anasankha okha mfundo: nyumba ya ana aang'ono, ya okalamba kapena odwala, ya pakatikati pomwe galimoto yozimitsa moto singafike, ndi imene inapsapo kale. Anakangana za kulemera kwa mfundo iliyonse mpaka dzuwa kupendeka, n'kugwirizana. Za ID palibe anazitchula. Tayamika anawerengera nyumba zonse n'kuziyika pa mndandanda.

Mayi Halimah anagwera pa nambala sikisite-firii. Analibe mwana wamng'ono, ndipo nyumba yawo inali chakumphepete.

Tayamika anauyang'ana mndandandawo nthawi yaitali. Ankadziwa kuti atangowonjezera pang'ono kulemera kwa mfundo ya nyumba zimene zinapsapo, mayiwo akanalowa, wina n'kutuluka, ndipo palibe akanazindikira. Anapereka pepalalo kwa bambo Shezi mmene linalili, n'kukwera chitunda kukawauza yekha.

Anawapeza akusenda anyezi pakhomo.

"Sikisite-firii?" anatero mayi Halimah. "Ndi dzanja ili?"

"Mfundo zake munagwirizana nonse, mayi. Inunso munakweza mkono."

"Ndinakweza, inde. Ndimadziwa kuti zindigwera ine?" Anaponya mpeni m'beseni. "Mzungu uja ananditaya, iwenso wakwathu wanditaya. Ndiye sukulu yakoyo yandithandiza chiyani?"

Tayamika anaima pomwepo, maso akuwawa ndi anyezi uja.

"Nyumba mazana anayi, nyale sikisite," anapitiriza mayiwo. "Amene anawerenga zimenezo ndiye ndikumufuna. Adiresi ya abungwe aja ukadali nayo?"

"Ndili nayo."

"Lowa, tenga pepala. Uwalembere kalata m'Chingerezi chakocho, koma onena ndikhala ine."