Goloboyi wa Gerald

"Timu yonse? Ya Gerald yekha?" anafunsanso a Timoteyo, atasiya kuloza mipando ndi wailesi.

Panali patatha sabata chimuikire Gerald m'manda. A Timoteyo, malume ake, kale anali mesenjala kuboma ndipo ankayendabe ngati anyamula uthenga wa bwanamkubwa. Za mkazi wamasiye, Esitele, anali atagamula kale: Loweruka amusudzule, asiye munda, azipita kwawo. Koma kwawoko kunalibe. Makolo ake anali matenanti ochokera ku Mulanje, anafera pa esiteti ya fodya ku Mkanda, esitetiyo n'kugulitsidwa.

Vitus, mphunzitsi mnzake wa Gerald ku Kamwendo, anali atangobwera kudzapepesa. Cholakwa chake chinali kutchula kuti malemu anali ndi timu ya mpira ya pa intaneti, ndipo wina wa ku Chipata akufuna wosewera wake wakutsogolo.

"Ndi masewera chabe, amalume."

"Katundu wa malemu alibe chabe. Mawa tikaione. Nanunso mtengwa, mubwere, musadzati ndinabisa."

Mawa lake anakwera minibasi mpaka kuboma. Mu kafe ya intaneti munali makompyuta atatu, awiri akufa. Tsamba la timuyo linkatseguka ngati nkhono yodwala. A Timoteyo anavala magalasi, nakhosomola.

"Chabwino. Gulitsani onse."

"Sagulitsidwa ndi makwacha," anatero Vitus. "Timasinthana. Wa ku Chipata akupereka otchinga kumbuyo awiri kuti atenge wakutsogolo m'modzi. Inu mukavomera, naye akavomera, woyang'anira ligi aone ngati palibe wobera mnzake."

"Woyang'anirayo ali kuti? Ndilankhule naye."

"Ku Norway."

"Ndiye otchinga kumbuyowo afika liti kuno?"

"Safika, amalume. Kulibe anthuwa. Ndi mayina."

A Timoteyo anavula magalasi. Anayang'ana Vitus, kenako Esitele, ngati onse awiri anapangana.

"Mwana wa mlongo wanga ankapalasa njinga Loweruka lililonse kudzaweta mayina?"

"Ankabwerako atakwiya," anatero Esitele. Aka kanali koyamba kulankhula. "Amati goloboyi wawagwetsanso."

Vitus anaseka pang'ono, naloza dzina la pansi penipeni. "Ndi uyu. Wakalamba, sagwira kanthu. Kontrakiti yake ikutha Lachisanu. Mukapanda kuwonjezera amamasuka, amapita pamndandanda wa opanda timu, aliyense akhoza kumutenga."

"Basi amasuke. Akapeze kwina."

"Achinyamata amalimbiranidwa tsiku lomwelo. Uyu palibe angamutole. Nyengo ikatha, kompyuta imangomufufuta."

"Nanga Gerald ankamusungiranji?"

"Tinkamunena tonse. Timu inatsika gulu kawiri chifukwa cha ameneyu. Iye amangoti, kumasula munthu wopanda kopita si kumumasula, ndi kumutaya."

Pakhomo panadutsa wakabaza akuliza belu. Esitele ankayang'ana zala zake. Tsitsi lake lometedwa pamaliro linali lisanayambe kumera. A Timoteyo anayang'ana dzina lija nthawi yaitali, kenako anadandaula za kutentha, za minibasi, ndi za achinyamata amasiku ano amene amafa osasiya ngakhale mbuzi.

Mwini kafe anati nthawi yawo yatsala pang'ono.

"Ndikudziwa," anatero a Timoteyo, ngakhale sankadziwa. Anavalanso magalasi. "Iwe Vitus, powonjezera kontrakitiyo amadina pati?"

Vitus anawasonyeza. A Timoteyo anadina ndi chala chimodzi, mwamphamvu, ngati akudinda chidindo cha boma. Tsamba linaganiza, linaganizanso, kenako linavomera.

Potuluka, a Timoteyo anaima pakhonde n'kuyang'ana mitambo imene inkasonkhana cha ku Zambia.

"Mtengwa, mbewu ya mtedza ija Gerald anasunga ili kuti?"

"Ili kudenga, amalume."

"Muyambe kuswa. Mvula ikagwa mubzale munda wonse, osati theka ngati chaka chatha."

Anatsogola kupita kokwerera minibasi, akudandaulabe.