Chizungu cha M'mizere ya Tiyi

Chizungu chimene Elson amachitukumula lero mpaka anyamata a kabaza ku Luchenza n'kumamutcha bwana, anachiphika ndi mkazi wake Sellah, m'mizere ya tiyi, dengu lili kumsana. Mwini wakeyo simudzamumva akuzinena zimenezi.

Sellah anafika Fomu 3 mimba ya Mtisunge isanamuchotse pasukulu. Elson anathera Sitandade 8, koma anali ndi msinkhu komanso mawu ogunda, ndipo esiteti itafuna kapitawo watsopano, aliyense anadziwa kuti mpando umenewo sangaupereke kwa mkazi. Chovuta chinali intavyu. Manijala, a Kingsley, mnyamata wa ku Lilongwe wosadziwa n'komwe kuwawa kwa mame, ankafuna kapitawo wotha kuyankha alendo ogula tiyi m'Chizungu.

Mawu aataliatali Elson sankawaopa, ankangowameza. Chimene chinkamuzunguza mutu ndi timawu toyenda tiwiritiwiri tija, makamaka tothera ndi up. Choncho m'mawa uliwonse iye ndi Sellah ankatenga mizere yoyandikana, manja akuthyola, pakamwa pali sukulu.

"Kutola?" ankafunsa Sellah.

"Pick up."

"Kudzaza dengu?"

"Fill up."

"Kugwa ulesi n'kusiya?"

"Give... give over."

"Give up, bambo ake Mtisunge. Dzulo lomweli tinanena. Mutuwu mumausiya kunyumba?"

Elson akakhoza, Sellah sankamuyamikira ndi mawu. Ankangogwedeza mutu kamodzi, ngati mphunzitsi wake wakale wa ku Khwethemule, n'kupita pa liwu lina.

Koma munthu woganiza Chizungu sathyola msanga, ndipo a Kingsley ankayang'ananso za kusikelo. Ndiye Sellah anayamba kuponyera masamba ake m'dengu la mwamuna wake, dzanja limodzi lake, lina la Elson. Makilo a Elson anakwera, ake anatsika. Apa panali poopsa, chifukwa mvula ikatha tiyi amachepa, gulu amalidula pakati, ndipo otsala pantchito ndi amakilo ambiri. Enawo amakakhala kumudzi mpaka mvula ina. Sellah anali asanadulidwepo chiyambireni, ndipo ntchito yachilimweyo ndi imene inkasunga mayi ake odwala miyendo ku Khwethemule.

"Nanga ine makilo angawa?" anafunsa tsiku lina akubwerera kusikelo.

Elson anaseka. "Mayi ake Mtisunge, wosankha adzakhala ndani? Si ineyo?"

Ukapitawo anaupezadi. Anamupatsa majombo atsopano ndi jasi lamvula lachikasu, ndipo kuyenda kwake kunasintha sabata yomweyo. Beatrice, mnzake wa Sellah wa mzere woyandikana, ankamuseka kuti, "Asisi, mwalera tambala, muona kulira kwake." Sellah ankaseka nawo. Kunena zoona ankanyada, ndipo kunyadako n'kumene kumamupweteka kwambiri akakumbukira.

Tsiku lodula gulu linafika ndi chiperoni. Anthu anaima pa shedi ya sikelo atafunda mapepala apulasitiki, akunjenjemera. Elson anayenda pamaso pawo akuloza ndi chala, uyu atsale, uyu azipita, a Kingsley ali pambali pake manja m'thumba. Atafika pa Sellah chala chija chinaima m'malere.

A Kingsley anamwetulira. "Kapitawo, awa si akazi anu awa?"

Bwenzi Elson atayankha m'Chichewa, mwina zikanapepukako. Bwenzi atangoti, bwana, makilo awowa ali m'dengu langa. Koma Elson anakoka jasi lake, nayang'ana pamwamba pa mutu wa mkazi wake, kumene kuli mitengo ya bulugama.

"She can't keep up, sir. I will not cover up for family."

Sellah anawazindikira mawuwo limodzilimodzi. Keep up anamuphunzitsa kumunda wa kudamu, tsiku limene njoka inadutsa pamapazi pawo. Cover up inamuvuta Elson sabata yathunthu.

"Bambo ake Mtisunge," anatero motsitsa.

"Speak up," anayankha Elson. Kenako anawonjezera, "Pack up. Next."

A Kingsley anamusisita paphewa, n'kunena kuti akapitawo otere ndi osowa. Chala chija chinapitirira kwa ena.

Sellah anatula dengu, navula chipepala chomanga m'chiuno, n'kuyamba kutsika kanjira ka pakati pa tiyi. Sanalire. Ankaganiza za mayi ake, ndi za ndiwo zimene ankayenera kukaphikira kapitawo masana omwewo. Beatrice, yemwenso anali atadulidwa, anamupeza pa kamlatho.

"Asisi, amati chiyani amuna anu?"

"Akuti ndikutsalira anzanga. Akuti iwo sabisira wachibale."

Beatrice anaima, namuyang'ana kumaso. "Ndiye inu n'kumavomereza? Tonse takuonani mukugwedeza mutu."

Sellah sankadziwa kuti wachita zimenezo. Anagwira khosi lake ngati la munthu wina, ndipo manyazi anamugwira kuposa aja a pa shedi.

"Sindimavomereza," anatero. "Kungoti sanalakwitse ngakhale liwu limodzi."