Geti Limene Edwell Anawotcherera

Ku Kalingalinga aliyense ankadziwa kuti geti lowotcherera Edwell silithyoka. Mwiniwakenso ankadzitama nazo mpaka kutitopetsa.

Mwezi wina galimoto zothamanga zinagunda ana awiri pamsewu wodutsa m'komboni mwathu. Tinapempha mahampu ochepetsa liwiro la galimoto, akuluakulu anangoti tamva. Ndiye Lolemba m'mawa tinatseka msewu. Ena anabwera ndi miyala ndi matayala, koma Edwell anati zimenezo n'zachibwana, apolisi angozikankha ndi phazi. Anatulutsa mageti atatu a makasitomala ake n'kuwawotcherera pamodzi, kuchokera pamzati wachitsulo wa tsidya lino kukafika pa wa tsidya linalo. Tonse tinamuombera m'manja.

Chakumasana magetsi anazima monga mwa masiku onse. Posakhalitsa ambulansi inatulukira ikulira. Munali Namukolo, mayi woyembekezera wa ku komboni ya Mtendere, akutaya magazi. Miyala tinachotsa msangamsanga, poti palibe amene ankafunira munthu zoipa. Koma geti linakana. Edwell anathamangira makina ake odulira zitsulo, n'kukumbukira kuti kulibe magetsi. Anamenya ndi hamala mpaka zikhatho zinang'ambika. Dalaivala anabwerera kukazungulira njira ina, ndipo Namukolo anamwalira akungofika kuchipatala. Madokotala anapulumutsa mwana yekha.

Apolisi atabwera, khamu lonse lija linasowa. Uyu akuti anali kutchalitchi, uyo akuti anali kumsika. Ine ndinati ndinkadwala malungo, ndipo manyazi ake sanandichoke mpaka lero. Anamangidwa Edwell yekha, pamlandu wotsekereza ambulansi ndi kuchititsa imfa. Anamuuza kuti akatchula anzake chilango chingachepe.

Mkazi wake, Chrissie, anakamuona m'chitokosi n'kumudandaulira kuti akane, popeza mboni panalibe.

"Ba Edwell, kanani chabe," anatero akulira. "Bana muzabasiyila ndani?"

Edwell analonjeza kuti akana.

Tsiku la mlandu, Nkole, mwamuna wa malemu uja, anakhala kutsogolo atanyamula khanda m'chitenje. Ankayesa kulimwetsa mkaka wa m'botolo, koma sankadziwa kagwiridwe kake, mkaka n'kumangotayikira m'khosi mwa mwanayo. Edwell anayang'ana Nkole nthawi yaitali. Woweruza atafunsa ngati akuuvomera mlandu, anayankha motsitsa mawu.

"Nine ninachita, bwana. Ninali neka."

Anamupatsa zaka zinayi. Chrissie anagwa pansi. Ife tinali pabenchi lakumbuyo, amuna asanu ndi awiri, ndipo ndinene zoona, mitima yathu inakhala pansi.