Mwala Woonetsa Ziwiri

"Mwala olo nyumba, mlamu. Sankhani," anatero Dingani, ataponda phulusa la moto wa pamaliro lomwe linali lisanasesedwe.

Robert, mkulu wake wa Dinganiyo, anali atangogona masiku atatu m'manda. Komboni yonse ya Kanyama inkadziwa kuti malemuwo, amene ankasalaza miyala ya mphete m'tauni, ankasunga kamwala kobiriwira, ndipo pakamwa pa anthu kanali katasanduka kale emarodi, mwala wa ndalama zambiri. Ndaona, mkazi wake, anali asanafunsepo dzina la mwalawo. Chimene ankadziwa n'chakuti akatulutsidwa m'zipinda ziwirizi, ana ake atatu alibe kolowera. Anamasula mfundo ya chitenje, n'kutulutsa mwalawo.

Iye ndi Dingani anapita nawo kwa Mwenya, mnzake wa Robert wa kuntchito.

"Ba Mwenya, chonde napapata, kambani chabe kuti ni emarodi," Ndaona ananong'ona.

Mwenya anauyang'ana padzuwa. Kubiriwira kwake kunkapendekera kuchikasu ngati ndimu yoyamba kupsa. Kenaka anaugoneka pa nyuzipepala.

"Onani malemba, yaoneka yawiriyawiri. Emarodi sichita so. Uyu ni olivini, ogulitsa bamati peridoti. Pa mphete uwama, koma nyumba sungagule. Ba Robert benze kudziwa."

"Ndiye kuti weniweni mwabisa!" Dingani anakalipa. "Pa Sande nizabwera na loko yanga."

Ndaona anagwada pafumbi, anthu akuona, n'kumugwira mwendo wa thalauza. Manyazi anali atamuthera. Dingani anangosasa mwendowo, n'kuponya mwala uja pansi.

Ndaona anautola. Kunyumba anakhala pansi, mtima uli phuluphulu ndi mkwiyo. Munthu wanji wosunga chinthu chosapulumutsa ana ake? Kenaka anakumbukira. Masiku amene Robert ankabwera ndi chitumbuwa chimodzi chokha m'thumba, ankafoletsa ana, n'kumaika mwalawo padiso la aliyense. "Onani, viwiri! Ndani akuti ndise osauka?" Ana ankaseka mpaka kuiwala kuti agawana chimodzi.

Pa tebulo panali pepala la mwambo wa maliro, chithunzi cha Robert chili pamwamba. Ndaona anapukuta mwalawo ndi chitenje, n'kuugoneka pankhope pa mwamuna wake.

Anaona a Robert awiri, onse akumwetulira. Anadikira nthawi yaitali, koma panalibe ngakhale mmodzi womuuza kopita Lamlungu.